Babu la LED likakana kuyaka, musafulumire kulitaya

Mababu a LED alowa pafupifupi m'nyumba iliyonse yokhala ndi magetsi muno mu Lilongwe, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: babu la mawati 9 limawala mofanana ndi babu lakale lija la kawaya kofiira mkati la mawati 60, choncho mayunitsi amakhalitsa mu mita. Pa katoni ya babu lotere opanga amalemba kuti likhoza kuyaka maola 15,000, ena mpaka 25,000, ndipo munthu akamaliyatsa maola 5 usiku uliwonse, maola 25,000 amenewo ndi zaka zoposa 13. Komabe nkhani imene timamva m'makomo mwathu ndi yoti babu logulidwa mwezi watha lasiya kale kuyaka, kapena loti langotuluka kumene m'katoni lakana kuyaka litaikidwa kudenga. Zikatero timangoti lapsa, n'kuliponya kudzala, mawa lake n'kukagula lina. Ine zimandipweteka kuona ndalama zikutayika motere, chifukwa ena mwa mababu amenewa amakhala alibe vuto lililonse, ndipo ngakhale amene afadi, kawirikawiri pamakhala chimene chawapha, chomwe chidzaphanso latsopanolo ngati sichinapezeke.

Chinthu choyamba kuchita sichifuna chida kapena ndalama. Chotsani babu lokanalo mukaliike m'chipinda china momwe getsi likuyaka bwino, ndipo babu la m'chipindacho mulibweretse pamalo povuta paja. Ngati lokanalo layaka kwinako pomwe linzake lakana pano, babu lilibe mlandu, vuto lili mu holder (choikamo babu chija), mu swichi kapena m'mawaya. Ngati lakananso kwinako pomwe linzake layaka pano, ndiye kuti babulo lafadi. Pali yankho lachitatu limene anthu saliyembekezera: onse awiri ayaka atasinthanitsidwa, koma mukabwezera loyamba lija pamalo pake likukanabe. Zimenezi zimachitika ndithu, ndipo zimatanthauza kuti tako la babulo ndi holder ya pamalopo sizikukhudzana bwino.

Ngati mababu azima m'zipinda zingapo nthawi imodzi, musavutike ndi kukwera pampando. Onani kaye mita ngati mayunitsi alimo, kenako mutsegule chitseko cha bokosi la ma breaker, timaswichi todzizimitsa tokha pakakhala vuto m'mawaya. M'nyumba zambiri mababu amakhala pa breaker yawoyawo, masoketi pa inzake, n'chifukwa chake firiji ikhoza kumalira bwinobwino pomwe denga lonse lili bii. Breaker imene yagwa muitsitse mpaka pansi penipeni musanaikwezenso. Ikagwanso nthawi yomweyo, isiyeni choncho, chifukwa ikukuuzani kuti penapake mawaya agundana kapena madzi alowa, ndipo kuikakamiza ndi kuitana moto.

Musanagwire holder kapena kumasula swichi, pali mfundo imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse zimene ndalemba pano. Kuzimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira. Swichi iyenera kudula waya wa moto, umene m'nyumba zakale umakhala wofiira ndipo m'mawaya atsopano umakhala wa bulauni, koma m'nyumba zina amene analumikiza anaidulitsa waya wa neutral, wakuda kapena wabuluu uja. Pamenepo getsi limazima mukadina swichi, koma mu holder mumakhalabe mavoliti 230 akudikirira chala cha munthu. Zimitsani main switch ya nyumba yonse, ndipo ngati muli ndi inveta, sola kapena jenereta zolumikizidwa ku mawaya a m'nyumba, muzimitsenso zimenezo. Chinanso chimene ife a kuno timachilakwitsa ndi kuganiza kuti nthawi imene magetsi athima ndiyo nthawi yabwino yokonza zinthu. Magetsi sapereka moni akamabwera, ndipo munthu amene waika tesita, kachida koyesera ngati pali moto, mu holder chifukwa choti dera lonse lathima ali pangozi yofanana ndi amene waiika magetsi ali mkati. Kaya alipo kaya athima, main switch itsitsidwe, ndipo a m'nyumba auzidwe kuti wina asaikweze. Manja akhale ouma, mapazi akhale m'nsapato, mpando ukhale wosagwedera. Tesita yanu muiyese kaye pamalo pamene mukudziwa kuti pali moto musanaikhulupirire, popeza tesita yakufa nayonso imakhala chete ngati mmene imakhalira pa waya wopanda moto.

Tsopano tifike pa holder, chifukwa m'kuona kwanga mavuto ambiri amabisala m'menemo. Mitundu iwiri ndiyo yofala kwathu kuno. Pali ya mapini, imene babu lake mumalikankha n'kulipotoza pang'ono, ndipo pa katoni amailemba kuti B22. Pali yopotokola, imene babu lake lili ndi mizere ngati chitsekero cha botolo, yolembedwa kuti E27. Manambala 22 ndi 27 akuimira kukula kwa tako la babu m'mamilimita. Mkati mwa holder ya mapini muli timitu tiwiri tachitsulo tokhala pa masipuling'i, ndipo ntchito yake ndi kukankha mwamphamvu timadontho tiwiri ta mtovu tokhala pansi pa babu. Sipuling'i imodzi ikafooka, kapena kamutu kamodzi kakalowa mkati n'kukanirira komweko, moto sufika ku babu ngakhale babulo litakhala latsopano.

Zimenezi ndinaziona bwino kwa azakhali anga ku Kawale. Iwo anali ndi jumbo yodzaza mababu imene anaipachika kuseri kwa chitseko, onse ochokera m'khitchini, ndipo ponditulutsira anati, “Mwanangu, tandionere zinthu za masiku anozi, kungoyaka masabata angapo basi zatha.” Ndinawayesa limodzilimodzi pa holder ya pabalaza, ndipo ambiri anayaka. Titazimitsa main switch, ndinakwera n'kuunika ndi tochi mu holder ya m'khitchinimo. Pulasitiki yake inali itachita chikasu n'kuyamba kufumbutuka m'mphepete, chizindikiro choti kwa zaka zambiri inanyamula mababu otentha akale aja. Mkati munali mwaye wa mbaula wosakanikirana ndi nthunzi ya mafuta ophikira, ndipo timitu tija tinali titada. Kamodzi ndikakakankha ndi tesita kankabwerera msanga, kanzake kankabwerera mwaulesi n'kuima pakati. Nditatembenuza mababu a mu jumbo aja ndinapeza kuti lililonse linali ndi kadzenje kakuda pa dontho limodzi la mtovu, pomwe moto unkalumpha kuchokera pa kamutu kofookako mpaka unaboola. Holder yatsopano mtengo wake sufika pa ndalama zimene zinali zitalowa mu jumbo ija, ndipo wamagetsi ataisintha, mababu omwe aja anabwerera kudenga.

Holder yopotokola ili ndi matenda akeake. Pansi pake penipeni pali kalilime kamkuwa kamene kayenera kukhudza nsonga ya babu. Anthu amene amamanga babu mwamphamvu kwambiri amakaphwatalalitsa kalilimeko, ndipo tsiku lobwera babu lina la nsonga yofupikirapo, silikafikira. Magetsi atazimitsidwa ku main switch, kalilimeko kakhoza kudzutsidwa pang'ono chabe, koma ngati kachita dzimbiri kapena kapsa, holder yonse ichoke. M'bafa ndi pakhonde dzimbiri limabwera msanga chifukwa cha chinyontho, ndipo nyengo ya mvula, pamene ngumbi ndi tizilombo tina timaunjikana pa getsi, holder ya panja imadzaza ndi mapiko ndi zinyalala zonyowa. Kumbuyo kwa holder kulinso tomangira tiwiri togwira mawaya, timene timamasuka pang'onopang'ono, makamaka pa holder yolendewera pa chingwe imene imagwedezeka nthawi zonse munthu akamasintha babu. Getsi lomayaka mukaligwedeza n'kuzimanso mukalisiya likuloza pamenepo.

Swichi sivuta kuidziwa ikatha. Imafewa osamveka kudina, kapena imalira ngati chinthu chikukazingidwa mkati, kapena imafunda mukaikhudza, nthawi zina n'kumanunkha pulasitiki yopserera. Yotere isinthidwe mwamsanga, ndipo getsi limenelo lisayatsidwe kufikira itasinthidwa.

Pali gulu lina la mababu okana kuyaka limene silikhudza kuwonongeka kwa chinthu chilichonse, koma kuti babu laikidwa pamalo posayenera. M'mashopu a zamagetsi a mu Malangalanga ndi mu msika waukulu mumapezeka mababu a sola a mavoliti 12, ndipo maonekedwe ake ndi tako lake n'zofanana ndendende ndi mababu a magetsi a ESCOM. Kusiyana kwake kumangolembedwa ndi timalemba tating'ono pa khosi la babu: DC 12V pa lina, AC 220-240V pa linzake. Babu la mavoliti 230 likaikidwa pa batire ya sola ya mavoliti 12 limangokhala chete. Babu la mavoliti 12 likaikidwa pa magetsi a m'nyumba limapsa nthawi yomweyo, mwina ndi kaphokoso ndi kautsi. Mababu ena a sola amasankhanso mbali, moti waya wa pulasi ndi wa mainasi akasinthana sayaka mpaka mutawabweza. Ndi bwino kuti mababu a mitundu iwiriyi asasungidwe m'kabati imodzi.

Mababu okhala ndi batire mkati, amene amayakabe magetsi akathima, amasokoneza anthu ambiri, ndipo ndi oyenera kuwafotokoza bwino popeza afala kwambiri chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Babu lotere limatchaja pokhapokha swichi ili yoyatsa magetsi alipo, choncho ngati mumaliyatsa mphindi zochepa chabe pa tsiku, batire yake imakhala yopanda kanthu nthawi imene mukuifuna. Kuwonjezera apo, magetsi akathima babuli limadziwa kuti swichi ndi yoyatsa potumiza kamphamvu kochepa kudzera m'mawaya a nyumba, kamene kayenera kuzungulira kudutsa m'chipangizo china cholumikizidwa n'kubwerera. Ngati palibe njira yoti kazungulire, babu limaona ngati swichi ndi yozimitsa ndipo siliyaka. Kuliyesa n'kosavuta: lichotseni kudenga, mugwire mbali ziwiri za tako lake ndi zala zonyowa pang'ono kapena ndi kachipewa kamene limabwera nako. Likayaka m'manja, batire ili bwino, ndipo nkhani ili pa mmene nyumbayo inalumikizidwira.

Magetsi a panja olumikizidwa ku kachipangizo koona kuwala sayaka masana, ndipo powayesa muphimbe kachipangizoko ndi nsalu yakuda n'kudikira kanthawi. Swichi yopotokola yochepetsa kuwala, imene imapezeka m'nyumba zina za ku Area 10, Area 43 ndi Area 47, inapangidwira mababu akale, ndipo babu la LED limene pa katoni pake sanalembe kuti ndi dimmable, kutanthauza kuti limalola kuchepetsedwa kuwala, limaphethira, kulira kapena kukana kumene. M'nyumba zomwezo timagetsi tolowa mu siling'i ta mavoliti 12 timakhala ndi transformer, chipangizo chotsitsa mavoliti, ndipo ina imafuna katundu wa mawati osachepera 20 kuti idzuke, pomwe kababu ka LED kamangokoka mawati 5. Machubu aataliwo nawonso ali ndi malamulo ake. Chubu cha LED chikalowa m'malo mwa chubu chakale cha fluorescent, starter yakale, kachitini kakang'ono kothandiza chubu kuyaka, iyenera kuchotsedwa n'kuikapo imene yabwera ndi chubucho, apo ayi wamagetsi achotse choke, kabokosi kolemera ka mkati mwa choikamo chubu, n'kulumikiza mwachindunji motsatira chithunzi cha pa katoni. Machubu ambiri a LED amalandira moto mbali imodzi yokha, yolembedwa L ndi N, choncho pa choikamo chimene chinalumikizidwa kale mwachindunji, chubu chokana kuyaka nthawi zina chimangofunika kuchitembenuza.

Nanga babu likafadi, chimafa n'chiyani? Ndinatsegulapo angapo akufa kuti ndione, ndipo mkati mwake mulibe zambiri. Mukachotsa chipewa choyera chapulasitiki mumapeza kambale ka aluminiyamu kokhala ndi timabwalo tachikasu, ndipo timeneti ndi tinyale ta LED teniteni. Kuseri kwake, kapena pa kambale komweko, pali driver, tizipangizo tosintha magetsi a m'nyumba kukhala mphamvu yoyenda mbali imodzi ndi yoyezedwa bwino, chifukwa kanyale koyera kamodzi kamangofuna mavoliti pafupifupi 3. Tinyaleti timalumikizidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, moti kamodzi kakaduka mkati tonse timazima. Kakufako kamaoneka ndi maso: pakati pa chikasu chake pamakhala kadontho kakuda. Nthawi zina tinyale tonse timakhala tabwino, koma capacitor, kachitini kakang'ono kokhala mu driver, yatupa pamwamba kapena yauma. Babu lotere limayamba ndi kuphethira, kuchedwa kuyaka kapena kuwala mozilala lisanafe.

Ndikudziwa kuti alipo amene amapala kanyale kakufako n'kulumikiza malo ake ndi mtovu kapena kachitsulo, babu n'kuyakanso. Luso limeneli ndimalilemekeza, koma sindilimbikitsa munthu wosaphunzira ntchitoyi kuti alichite. M'mababu ambiri otsika mtengo kambale kaja sikalekanitsidwa ndi magetsi a m'nyumba, choncho kukakhudza babu lili pa holder ndi chimodzimodzi kugwira waya wa moto, ndipo capacitor imasungabe mphamvu kwa kanthawi babu litachotsedwa. Komanso chimene chinapha kanyale koyambako chimakhala chitafooketsa kale tinzake.

Chimene chimapha kwambiri ndi kutentha. Anthu amaganiza kuti LED sitentha chifukwa chipewa chake chimagwirika, koma gwirani khosi la babu limene layaka kwa ola limodzi mumve. Kutentha konse kumathawira kumeneko, ndipo kuyenera kutuluka ndi mpweya wodutsa. Babu likatsekeredwa m'chigalasi chopanda potulukira mpweya, monga zija zozungulira zomamatira ku siling'i kapena zotchinga mvula za panja, limadziphika lokha. Akatswiri a zipangizozi amawerengera kuti moyo wa capacitor yotere umatsika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Ganizirani tsono babu lolendewera pafupi ndi malata m'nyumba yopanda siling'i mwezi wa October, kapena lokhala pamwamba penipeni pa mbaula. Pamalo otere kutsitsa chingwe pang'ono kuti babu litalikirane ndi malata kumathandiza, ndipo m'chigalasi chotsekeka ndi bwino kuika babu la mawati ochepa kusiyana ndi lalikulu limene ladzaza malo onse. Ndimaona anthu akugula la mawati 18 kapena 20 n'kulipanikiza m'kachigalasi kakang'ono pofuna kuwala kwambiri, ndipo ndi mababu amenewa amene sachedwa kufa.

Chachiwiri ndi kusakhazikika kwa mphamvu ya magetsi. Babu lakale mphamvu ikatsika linkangofiira, koma la LED lili ndi malire amene driver yake imagwirira ntchito. Madzulo, pamene makomo ambiri ayatsa mbaula zamagetsi nthawi imodzi, kapena pa mdadada wa nyumba za lendi zimene zonse zikukoka pa waya mmodzi wowonda wochokera ku nyumba yaikulu, mphamvu imatha kutsika mpaka babu lina n'kuyamba kuphethira kapena kuzima, usiku kwambiri n'kuyakanso lokha. Amene amakhala malo otere ayang'ane pa katoni: babu lolembedwa 85-265V kapena 100-240V limapirira kutsika kumene lolembedwa 220-240V silingapirire. Kukwera kwadzidzidzi kwa mphamvu, monga nthawi ya ziphaliwali kapena pamene magetsi akubwerera, kumawononganso driver. Ine magetsi akathima ndimazimitsa maswichi n'kusiya getsi limodzi lokha loti lindidziwitse akabwera.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichiyenera kuzengerezedwa. Mukaona mababu ena akuwala mopitirira muyeso pomwe ena azilala, kapena angapo apsa nthawi imodzi, kapena anansi akudandaula zomwezo, n'kutheka kuti waya wa neutral wamasuka kapena waduka kunja kwa nyumba, ndipo zikatero nyumba zina zimalandira mphamvu yoposa kwambiri mavoliti 230. Tsitsani main switch nthawi yomweyo, muzule firiji ndi wailesi ya kanema, ndipo mudziwitse a ESCOM. Waya wochokera pa polo ndi mita yomwe si zoti mwini nyumba kapena wamagetsi wa m'dera azizigwira.

Funso lina limene ndimafunsidwa ndi la babu limene limakana kuzima kwathunthu, lomangonyezimira pang'ono usiku swichi ili yozimitsa. LED imafuna mphamvu yochepa kwambiri moti kamoto kodutsa mu swichi yokhala ndi kanyale, kapena kolowerera kuchokera ku waya woyandikana nawo, kamakwanira kuinyezimiritsa. Koma chikhozanso kukhala chizindikiro cha swichi yodula neutral ija, ndipo pachifukwa chimenechi ndi bwino kuti wodziwa ntchito aone.

Pogula babu, musachite manyazi kunena kuti, “Achimwene, tandiyeserani kaye.” Mashopu ambiri ali ndi thabwa lokhala ndi holder za mitundu yonse iwiri pa kauntala, ndipo babu limene mwaliona likuyaka m'shopu likakakana kunyumba, mumadziwa kale koyambira kufufuza. Tengani babu lakalelo kapena chithunzi cha holder pa foni kuti musasokoneze B22 ndi E27. Werengani mavoliti, ndipo poyerekeza kuwala muyang'ane malumeni, omwe ndi muyeso wa kuwala, osati mawati okha; babu lolowa m'malo mwa lakale la mawati 60 limakhala ndi malumeni pafupifupi 800. Sungani lisiti ndi katoni, mulembe tsiku logula pa khosi la babu ndi cholembera chosafufutika, kuti likadzafa msanga mudzakhale ndi poyambira pokambirana ndi wogulitsa.

Ngati babu mwaliyesa kwina ndipo layaka, breaker ili m'mwamba, holder ikuoneka yoyera ndi yolimba, koma getsi likukanabe, vuto latsala m'mawaya a mu siling'i kapena m'khoma: mfundo yomasuka, waya wodyedwa ndi makoswe, kapena madzi odontha kuchokera pa malata. Kumeneko ndi kwa wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno, ndipo amene muli pa lendi muyambe mwadziwitsa eni nyumba. Pomuitana mufotokozereni zimene mwayesa kale, nthawi imene vutolo limachitika, ngati limabwera mvula ikagwa kapena madzulo okha, ndiponso ngati pali getsi lina pa mzere womwewo limene likuvuta. Mababu akufawo musawataye iye asanabwere, chifukwa tako lopserera, khosi lachikasu kapena kadontho kakuda zimamuuza ngati afufuze kulumpha kwa moto, kutentha kapena kukwera kwa mphamvu.